Musanaode "mankhwala a maganizo", tembenuzani kaye botololo

Nyengo ya fodya ikafika, misika ya pa Chinkhoma, Santhe, Chamama ndi pa boma pa Kasungu imadzaza ndi katundu amene miyezi ina saoneka: njinga, malata, masola, mabelo a kaunjika ongotsegula kumene. Masiku ano pawonjezeka katundu wina wosatenga malo pa benchi koma woyenda mofulumira. Ndikunena timabotolo ta makapisozi, timapaketi ta tiyi ndi ufa wa zitsamba, zimene ogulitsa amati zimachotsa nkhawa, zimabweretsa tulo, zimakhazika mtima pansi, zimanola ubongo wa mwana wa mayeso. Zina zimabwera m'zikwama za anthu ochokera ku Johannesburg, zina zimathiridwa konkuno m'mabotolo amene dzana munali chakumwa. Pa WhatsApp ndiye musachite kunena, aliyense ndi dokotala.

Chimene chikuyendetsa katunduyu n'chosabisika. Mlimi anatenga feteleza pa ngongole, wadyetsa matenanti dzinja lonse, mabelo akhalitsa pamzere, ena abwezedwa, ndipo ndalama ikamalowa ku banki imakhala itadulidwa kale. Munthu wotereyu sagona. Mayi a kunyumba sagona. Wa okala amene anawakongoza sopo ndi mchere nayenso amangotembenuka pamphasa mpaka tambala. Pamene pali anthu osagona pali msika, ndipo wamalonda wochenjera amauona msanga. Pamenepo sindikuimbani mlandu, kuona mpata ndiyo ntchito yanu.

Koma ine maganizo anga ndi awa: gulitsani tiyi ngati tiyi, ufa wa chammwamba ngati chakudya, uchi ngati uchi, koma lonjezo lochiritsa matenda a maganizo musaliike pa benchi panu. Phindu lake ndi lochepa poyerekeza ndi zimene mungataye, ndipo amene angataye zambiri kuposa inu ndi kasitomala amene wakukhulupirirani.

Tiyambe ndi masamu, poti tsamba lino ndi la mitengo. Tingoyerekeza kuti mwaoda mabotolo 20 pa K6,000 limodzi ndipo mukugulitsa pa K10,000. Papepala phindu ndi K80,000, ndipo amene akukuodetsani adzakuuzani kuti katunduyu saola ngati tomato. N'zoona, saola pooneka. Tomato akayamba kufewa mumatsitsa mtengo n'kupulumutsako kangachepe, pamene kapisozi amatha mphamvu mwakachetechete, deti n'kudutsa inu muli ndi mabotolo 12 m'katoni. Oyendera misika akakupezani ndi katundu wosavomerezeka, chimene chimapita si phindu lokha ayi, ndi mpamba wonse wa K120,000, umene mwina munabwereka ku banki m'khonde. Katundu wakunja amakweranso ndi dola. Amene anali pa bizinesi mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, akudziwa mmene zimawawira kugulitsa katundu yense koma ndalama yake osakwana kuodanso theka. Ndiye palinso makampani aja okuuzani kuti mulipire kaye ndalama yolowera, kenako mubweretse anzanu atatu. Mukaona kuti ndalama ikuchokera kwa olowa kumene osati kwa ogula, dziwani kuti kasitomala weniweni wa kampaniyo ndinu.

Lamulo lilipo, ngakhale kuti pamsika silimveka kwenikweni. Mu 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene ambiri amangoti PMRA, m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board yakale ija. Lamulo latsopanoli linaika mankhwala azitsamba nawonso m'manja mwa bungweli, ndipo limati uthenga wotsatsa mankhwala uyambe waunikidwa ndi kuvomerezedwa ndi PMRA usanafike kwa anthu. Tikiti imene mumadula m'mawa uliwonse ndi ya malo amene mwayalapo, si chilolezo chogulitsa mankhwala. Chidindo cha Malawi Bureau of Standards pa paketi ya tiyi chimanena za kapangidwe ka tiyiyo, sichinena kuti amachiritsa kukhumudwa. Ndipo kunamiza ogula za ntchito ya katundu ndi nkhani imene a Competition and Fair Trading Commission amatha kuitsata.

Ena amati, koma zanga n'zochokera ku South Africa, zili m'botolo lomata bwino, zolembedwa Chingerezi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tembenuzani botololo muwerenge timalemba tating'ono ta kumbuyo. Pa ambiri mupeza mawu akuti "unregistered medicine", otsatana ndi chiganizo chonena kuti bungwe la SAHPRA, limene limayang'anira mankhwala m'dzikolo, silinaunike ubwino wake, chitetezo chake, ngakhale ntchito imene akuti amagwira. Wopangayo wadziteteza yekha ndi chiganizo chimenecho. Ku America nako lamulo la 1994 limalola ma supplement kulowa pamsika popanda bungwe la FDA kuyamba latsimikiza kuti amagwira ntchito, n'chifukwa chake mabotolo akumeneko amalemba okha kuti katunduyo sanapangidwire kuchiza matenda alionse. Taonani nkhani yake: amene anapanga akukana polemba kuti sachiritsa, inu pa Chinkhoma mukulonjeza pakamwa kuti amachiritsa. Zikavuta, adzafunsidwa ndani?

Nkhani imene ndikufuna tikhalepo nthawi ndi ya chitsamba china chotchedwa St John's wort, chimene pa botolo nthawi zina amachilemba kuti Hypericum. Chimapezeka chokha, komanso chimasakanizidwa m'makapisozi ndi matiyi ambiri olembedwa "mood" kapena "stress". Chitsamba ichi si chabodza. Kafukufuku anaonetsa kuti chimathandizadi anthu ena amene kukhumudwa kwawo sikunafike poipa, ndipo ku Germany madokotala amachilembera odwala. Vuto lagona pakuti chimafulumizitsa chiwindi kuphwanya ndi kutulutsa mankhwala ena amene munthu akumwa. Mu 2000, ofufuza a ku National Institutes of Health ku America anapeza kuti chinatsitsa mlingo wa indinavir, mankhwala a HIV a nthawi imeneyo, ndi 57 peresenti m'magazi. Chaka chomwecho dziko la Ireland linalamula kuti chisagulitsidwenso popanda chikalata cha dokotala.

Tsono bweretsani nkhaniyi kwathu kuno. Kuyambira 2019 anthu ambiri amene ali pa ma ARV m'Malawi muno amamwa mapilitsi okhala ndi dolutegravir, ndipo malangizo a mankhwalawa amaletsa kuwaphatikiza ndi St John's wort. Mphamvu ya ARV ikatsika m'magazi, kachilombo kamadzukanso ndipo kangathe kuphunzira kulimbana ndi mankhwalawo. Chitsamba chomwechi chimafooketsa mapilitsi olera ndi njira ya pamkono ija, mayi n'kupezeka ali ndi pathupi pamene sanakonzekere. Kwa munthu amene akumwa kale fluoxetine kapena amitriptyline wa kuchipatala, kuphatikiza ndi chitsambachi kungabweretse kunjenjemera, thukuta, kutentha thupi ndi kusokonezeka mutu.

Ngakhale zinthu zooneka zofatsa zili ndi kanthu. Magnesium, amene akutchuka kuti amagonetsa, pamodzi ndi calcium ndi iron wa m'mapilitsi owonjezera magazi, amagwirana ndi dolutegravir m'mimba n'kumulepheretsa kulowa bwino m'thupi. N'chifukwa chake malangizo amati ARV amwedwe maola 2 zinthuzi zisanamwedwe, kapena patadutsa maola 6 zitamwedwa. Funso langa kwa inu ndi ili: pakati pa msika, anthu ali mbuu, mungamufunse kasitomala ngati ali pa ma ARV kapena pa kulera? Mutamufunsa, angakuyankheni zoona, mlamu wake ali pa benchi yoyandikana nayo? Namwino amafunsa m'chipinda chotseka, buku la kuchipatala lili pa tebulo. Inu mulibe chipinda, mulibe bukulo, ndipo si mlandu wanu kuti mulibe. Koma kusowa kwa zimenezi n'kumene kukuletsani kukhala dokotala.

Mawu akuti "zachilengedwe" asakupusitseni. Fodya amene akutidyetsayu ndi wachilengedwe. Ashwagandha, muzu wa ku India umene wadzaza pa intaneti ngati wochotsa nkhawa, dziko la Denmark linauletsa mu 2023, ndipo madokotala m'maiko angapo analemba za anthu amene chiwindi chawo chinavulala ataumwa. Mu 1989 ku America, mapilitsi a L-tryptophan amene anthu ankagula kuti azigona bwino anadwalitsa anthu oposa 1,500 ndipo osachepera 37 anamwalira. Ofufuza anatsata vutolo mpaka ku fakitale imodzi ya ku Japan. Ogulitsa m'masitolo sanadziwe kanthu, botolo linali lokongola ngati masiku onse.

Za m'mabotolo opanda chizindikiro ndiye zimandiopsa kwambiri. Mulibe dzina la wopanga, mulibe deti, mulibe mlingo, "kapu imodzi" ya kwa uyu ndi theka la kapu ya kwa uyo. Mphamvu ya muzu kapena khungwa imasintha malinga ndi mtengo, nthaka ndi nyengo imene wakumbidwa. Ufa wosauma bwino umachita chuku, ndipo ogulitsa mtedza akudziwa kale kuti poizoni wa chuku amawononga chiwindi. Kuno kwa fodya tilinso ndi zigubu zambiri zimene munali mankhwala opopera m'munda. Kodi amene anakuodetsani madzi akudawo anawasungira m'chiyani? Ngati simungayankhe, musamwetse mwana wa mwini.

Mbali imene ogulitsa ambiri saiganizira ndi yakuti "maganizo" amene kasitomala akudandaula nthawi zina si maganizo konse. Munthu amene wakhala akuthyola fodya wonyowa ndi mame kapena mvula amalowedwa nikotini kudzera pakhungu, n'kumamva chizungulire, mseru, mutu, mtima kuthamanga ndi kusowa tulo. Lipoti la bungwe la Plan International la 2009 linati ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'dziko muno amatha kulowedwa nikotini wofika mamiligalamu 54 pa tsiku, wofanana ndi ndudu 50. Wotereyu akufunika magolovesi, malaya a manja aatali, kusamba ndi kusintha zovala zonyowa, osati tiyi wa nkhawa. Winanso ali ndi BP, wina shuga, wina magazi achepa, wina ndi kachasu amene akumudya. Onsewa amafika pa benchi panu ndi mawu amodzimodzi: mutu sukuyenda, tulo palibe.

Chitsanzo china chili pafupi pomwepa. Ku Kasese, m'boma la Dowa kufupi ndi Madisi, azaumoyo anapeza anthu 691 odwala pellagra pakati pa 2015 ndi 2016, nthawi ya njala ija. Matendawa amabwera thupi likasowa vitamini B3, makamaka kwa anthu amene akudalira chimanga chokha popanda ndiwo zokwanira. Khungu limada ndi kusupuka m'malo owombedwa ndi dzuwa monga m'khosi ndi kunja kwa manja, m'mimba mumatseguka, ndipo zikapitirira munthu amasokonezeka mutu, achibale n'kumati walodzedwa kapena wapenga. Apa ndiye vitamini amachiritsadi, ndipo ndi wotsika mtengo. Koma amachiritsa chifukwa wina wodziwa wayang'ana khungulo n'kuzindikira chimene chikusowa. Kupereka botolo lililonse la "ubongo" mongolota kukanangodya ndalama ya ndiwo. Ndipo ndinene mokondera pang'ono: mtedza, nyemba, usipa ndi mazira zimene zili pa mabenchi a anzanu zimateteza ku matendawa. Mayi wogulitsa nsinjiro akuthandiza ubongo wa anthu a ku Kasungu kuposa makapisozi ambiri a m'chikwama.

Kenako pali matenda enieni a m'maganizo: kukhumudwa kumene kumamugoneka munthu milungu osafuna kudya kapena kugwira ntchito, misala, komanso khunyu limene anthu amakonda kuliika m'gulu lomweli. Odwala ambiri amakhala bwinobwino, kulima ndi kuchita malonda, malinga akumwa mankhwala awo monga chlorpromazine, haloperidol, carbamazepine kapena phenobarbitone. Tchimo lalikulu limene wogulitsa angachite ndi kunena kuti "siyani za kuchipatalazo, izi n'zachilengedwe". Wa khunyu akasiya mankhwala mwadzidzidzi amatha kugwa pamoto kapena pachitsime. Wa misala amabwerera pamene anachoka, banja n'kugulitsa mbuzi ndi njinga kuti ayambenso ulendo wa kuchipatala. K4,000 imene mwapindula pa botololo singalipire zimenezo. Ndipo kasitomala akayamba kunena kuti watopa nawo moyo, kapena kuti ana ake adzaona okha, musatsegule katoni. Mukhazikeni pansi, mumvetsereni, itanani wachibale wake, ndipo afike kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndikudziwa chimene ena akunena pamene akuwerenga: mtolankhani iwe ukulankhula ngati chipatala chili kuseri kwa nyumba. N'zoona. Wochokera ku Chulu kapena ku Wimbe amalipira kabaza ndi galimoto kuti afike pa boma, ndipo si nthawi zonse pamene amapeza mankhwala alipo. Chipatala chachikulu cha boma cha matendawa chili ku Zomba, ulendo wa tsiku lathunthu. A St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, Kasungu ali pakati. Mpata umenewu ndi umene mabotolo akudzaza, ndipo boma lisadabwe. Komabe pa chipatala cha boma cha Kasungu pali ogwira ntchito za umoyo wa m'maganizo, ndipo kuonana nawo n'kwaulere. Ndalama ya botolo limodzi nthawi zambiri ikanakwana thiransipoti.

Sindikunyoza zitsamba kapena asing'anga. Mankhwala a malungo a LA amene tonse timamwa anachokera ku chitsamba cha ku China chotchedwa Artemisia annua, ndipo mayi Tu Youyou analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchito imeneyo. Chimene chinasandutsa tsamba kukhala LA ndi kuyeza: mlingo wanji, kwa munthu wolemera bwanji, masiku angati, ndani asamwe. Sing'anga wa m'mudzi amene amadziwa wodwala wake ndi banja lake, ndipo akaona kuti zamukulira amatumiza kuchipatala, ndi wosiyana kutali ndi munthu wa chimkuzamawu amene lero ali pa Santhe, mawa pa Nkhamenya, botolo limodzi likuchiza shuga, BP, kusabereka ndi misala. Ameneyo madandaulo akamabwera amakhala atapita. Inu amene mwamugula katundu kuti muzigulitsa ndinu amene muli pamsika pomwepo Lachiwiri lililonse.

Chinanso, anthu ambiri amene amati botolo linawathandiza, ndikukhulupirira kuti chinawathandiza kwambiri ndi mphindi 20 zimene wogulitsa anakhala akuwamvetsera. Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench mu 2006, yophunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala n'kumacheza mwadongosolo ndi anthu oganiza kwambiri. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anaonetsa kuti odwala ambiri anapeza bwino. Makomiti a misika yathu, amene amatha kusonkhetsa ndalama za maliro pa ola limodzi, angathe kupempha azaumoyo a pa boma kuti abwere adzaphunzitse anthu awiri kapena atatu pamsika uliwonse kuzindikira munthu amene zamuthina.

Kwa a PMRA ndili ndi pempho. Kulanda katoni ya mayi wa pa benchi n'kosavuta, koma mayiyo sanawoloke malire ndi katunduyo ndipo sanalipire uthenga wa pa wailesi. Yambani ndi oitanitsa, opakira ndi otsatsa. Wamalonda wa ku Chamama alibe bandulo yofufuzira pa intaneti, choncho mndandanda wa zovomerezeka ndi zoletsedwa ufike m'Chichewa, umatidwe pa ofesi ya msika pamene timadulira tikiti. Nawonso a nyumba zoulutsira mawu adzifunse ngati ndalama ya pulogalamu ya mphindi 30 ikuyenera kugula chikhulupiriro cha omvera awo.

Pakadali pano, woyang'anira womaliza katundu asanalowe m'kamwa mwa munthu ndinu. Malonda abwino alipo ndithu: lemon grass wouma bwino, chidede, jinja, ufa wa malambe, chammwamba, uchi, zopakidwa mwaukhondo m'mapaketi atsopano, zolembedwa dzina lanu, malo anu ndi tsiku lopakira. Zimenezi zimagulidwa chaka chonse, osati nyengo ya fodya yokha, ndipo mungazigulitse wapolisi ataima pambali panu. Nenani kuti ndi tiyi wokoma wa madzulo, musanene kuti amachotsa matenda. Wina akakubweretserani makapisozi kuti muode, mufunseni pepala la PMRA la katundu ameneyo, osati satifiketi ya kulembetsa kampani, poti ziwirizi anthu amakonda kuzisokoneza dala. Onani deti, onani ngati zimene zili m'katimo zalembedwa zonse, ndipo akupatseni lisiti yokhala ndi dzina lake ndi malo a shopu yake. Mapilitsi ogonetsa monga diazepam musawakhudze n'komwe, amenewo ndi a chikalata cha dokotala ndipo amazolowereka m'thupi. Ngati munagulitsa kale kanthu ndipo kasitomala wabwera maso ali achikasu, thupi likuyabwa kapena akusanza, asiye kumwa pomwepo, ndipo popita kuchipatala anyamule botololo pamodzi ndi zotsalamo kuti adokotala aone chimene wamwa.